Filimu Imene Anthu Anaithawa

Minibasi ya ku Nsanje inkachedwa kudzaza, ndipo dzuwa la ku Marka linamuthamangitsira Emelia m'kanyumba ka kanema pafupi ndi siteji.

Tsikulo ankaonetsa filimu ya azungu akalekale, a zipewa zitalizitali. Munalibe nkhonya, munalibe mfuti. Bambo, mayi ndi ana ankangodya duu, banja likutha pang'onopang'ono.

"Ika karate, iwe!" anyamata anakuwa, n'kutuluka mmodzimmodzi.

Emelia anatsala yekha ndi Sebastiano, mnyamata womasulira mafilimu pa maikolofoni.

Bambo wa m'filimu anayang'ana pawindo, kukamwa kuli tseke. Koma Sebastiano anamasulira: "Akuti, iwe wa chitenje chachikasu, maso ako andisowetsa mtendere."

Mayi wa m'filimuyo analibe chitenje! Emelia anabisa nkhope m'manja.

"Mzunguyo sanayankhuletu," ananong'ona.

"Ndi wamanyazi ngati iwe. Ndikungomuthandiza."

Kuyambira pamenepo foni ya Emelia sinkapuma. "Ndisakufuna kakamwe, nkhunda yanga," ankalemba Sebastiano, Chisena chikamugwira, kutanthauza kuti amamukonda kwambiri. "Mawu angawa ndi ako wekha, mpaka kale."

Loweruka lina Emelia anamukazingira mlamba. Asanafike pakhomo pa kanyumba ka kanema kaja, chimkuzamawu cha padenga chinalira: "Maso ako andisowetsa mtendere!" Anasuzumira. Filimu yomwe ija, anthu thothotho, ndipo Magdalena wogulitsa mandasi anali pabenchi yakutsogolo, akuseka chikhakhali.

Mayo! Kodi mawu aja anali a aliyense? Emelia anabwerera, n'kudya yekha mlambawo akulira.

"Usandiimbirenso," analemba, n'kuzimitsa foni.

Patatha masiku atatu, akugulitsa nsomba ndi mayi ake pamsika, chimkuzamawu chija chinatsokomola.

"Filimu yaima kaye! Emelia, mwana wa a Pedro, ndinalakwa. Anthu anawakonda mawu aja, ine n'kumabwereza ngati chitsiru kuti asatuluke. Koma awa sindinganene kawiri: amalume anga akubwera kwanu Lamlungu!"

Msika wonse unatembenukira kwa Emelia. Kenako nthungululu!

Mayi ake anamuyang'ana cham'mbali. "Emelia akutchulidwayo ndiwe?"

"Kaya, amayi."

"Kaya? Nanga ukumwetulira milambayo?"

Emelia anangoluma nsonga ya mpango.

"Thamanga," anatero mayiwo, akudziletsa kuseka. "Kamuuze mpongozi wangayo azimitse chinthucho, bambo ako asanamvere pamsika za ukwati wa mwana wawo!"