Mababu a pa Masitepe

Mababu anayamba kusowa pa masitepe a fulati ina ku Woolwich, mumzinda wa London, m'nyengo yozizira ya 1996, nthawi imene kunja kumada anthu asanaweruke. Sikuti ankapsa ayi. Wina ankawazula bwinobwino, chibowo n'kutsala yasa.

Beatrice Chikafa ankakhala pamwamba penipeni ndi mchimwene wake Rogers. Tsiku lina pochokera ku ntchito anakwera mumdima wa ndiweyani, akupapasa khoma lozizira. Kumbuyo kwake makiyi analira, ngwerengwere, kenaka zii. Dzanja lonunkha mankhwala okolopera linamutseka pakamwa. Analimbana nalo, analiluma, n'kupulumuka bulauzi itang'ambika. Nkhope sanaione, inali m'chipewa. Koma basi yodutsa pamsewu itawalitsa pawindo, anaona mkono pamene gulovu inathera. Unali wa mzungu, wa cheya chofiira.

Wapolisi amene anabwera anali waimvi, wotopa. "Anzako awiri amene zawachitikira akuti anali wakuda," anatero m'Chingerezi. "Iwenso chimodzimodzi, eti?"

Ha, maleredwe! Bambo a Beatrice ndi Rogers anathawa ku Malawi atalawa ndende, ndipo ana anawaphunzitsa chimodzi: wamkulu wa yunifolomu satsutsidwa. Beatrice anazyolika, manja pamodzi.

"Yes, sir."

Basi, anakwana atatu. Nambala ija inamera miyendo. Nyuzi ya m'deralo inalemba kuti malinga ndi chiwerengero, ogwirira akazi kumeneko onse ndi akuda. Anthu ankanong'ona kuti awiri enawo sanaone kanthu, anangovomera zomwe anafunsidwa. Beatrice zinkamudya mumtima, koma manyazi anamumanga lilime.

Mdima unapitirira, makiyi n'kumamvekabe pansi. Rogers, pomvera chisoni mlongo wake, anagula babu n'kukwera pampando pa masitepe paja. Mayi wina anasuzumira, anaona munthu wakuda dzanja lili kudenga, anaimba foni. Apolisi anamunyamula babu lili m'manja.

Beatrice anathamangira kupolisi misozi ili chuchuchu. "Ndinanama! Mkono unali woyera!"

"Lero wayera chifukwa tagwira m'bale wako?" anatero waimvi uja. "Tinawerenga kale, mayi. Pita ukapume."

Beatrice anabwerera yekha. Atangokhoma chitseko, wina anagogoda pang'onopang'ono. Anali Bambo Anderson, osamalira fulatiyo, amene ankasunga makiyi a zitseko zonse. Ankamwetulira. Dzanja lawo lamanja linali lomangidwa bandeji, ndipo fungo la mankhwala okolopera linalowa m'nyumba iwo asanalankhule.

"Usaopenso, mwanawe," ananong'ona. "Amugwira."

Anatsika akuimba mluzu. Beatrice anayang'ana foni. Aimbire ndani, ati chiyani, iye amene anavomera ndi pakamwa pake?

Mawa lake madzulo, babu la pakhomo pake panalibe. Anakhala pansi m'kati, msana atatsamira chitseko, akumvetsera makiyi akukwera masitepe mosafulumira.