Mbande Zitatu za Kanyerere

Lachiwiri lina masana, mvula isanayambe, Amalume anamulakwira Kanyerere. Anazula mbande zake za tsabola. Anatenganso keni yake yothirira. Kanyerere anali kusukulu.

Kanyerere anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anali wamng'ono thupi. Ankayenda mofulumira, kanthu kali m'manja. N'chifukwa chake ankamutchula Kanyerere.

Ankakhala ndi Amayi ndi Agogo aamuna. Agogo ankasoka nsapato pakhonde. Kuseri kwa nyumba kunali kadimba. Mbali ina kunali mpanda. Mbali ina kunali mpopi.

Mbande zija sizinali mbande wamba. Njere zake zinachokera m'bokosi la machesi. Bokosilo Agogo ankalibisa mu nsapato yakale, pansi pa kama. Anali tsabola wa malemu Agogo aakazi. Anali wautali, wopindika ngati nyanga ya mbuzi. Anali wonunkhira. Kumsika sankapezeka.

Tsiku lina Agogo anatulutsa bokosilo. Anampatsa Kanyerere njere zonse.

"Izi ndi zomaliza," anatero Agogo. "Zikafa izi, tsabola wa agogo ako watha."

"Sizifa, Agogo," anatero Kanyerere.

Anafesa njere. Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Zinamera mbande makumi awiri.

Koma Lachiwiri lija, pobwera kusukulu, anapeza maenje okhaokha. Pangodya panatsala timbande titatu. Tinali towonda. Tinali topindika. Amalume sanatifune.

Kanyerere anathamangira kukhitchini.

"Amayi, mbande zanga zili kuti?"

"Anabwera achimwene," anatero Amayi. "Akuti akawokera kwawo. Keni akuti abweza mawa."

Agogo anamva ali pakhonde. Anaika nsapato pansi.

"Mawa!" anatero Agogo. "Mawa la mwana ameneyo silifika. Ndinamubereka ndekha, ndimamudziwa. Nyundo yanga anati abweza mawa. Papita zaka zinayi."

Kanyerere analira pang'ono. Kenako anapukuta misozi. Anabwerera kudimba. Anagwada n'kuwerenga.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu."

Anaimirira n'kusasa mawondo.

"Zitatu zakwana," anatero.

Keni panalibe. Kanyerere anatola chitini cha mafuta ophikira. Anachitsuka. Anapita nacho pakhonde.

"Agogo, ndibwerekeni msomali."

"Ubweza liti?" anafunsa Agogo.

"Pompano."

"Onse amatero," anatero Agogo. Koma anampatsa.

Kanyerere anatenga mwala. Kho! Kho! Kho! Anabowola chitini kunsi. Anathiramo madzi. Madzi anatuluka waa, ngati kamvula. Ndipo anabweza msomali.

Agogo anauyang'ana msomaliwo. Anautembenuza. Anauyang'ananso.

"Ha! Wabwereradi," anatero.

Kanyerere sanawokere masana. Anadikira dzuwa kuti lipendeke. Anayamba wathirira nthaka mpaka inafewa. Anakumba mbande ndi supuni, dothi lili kumizu. Anawokera imodzi apa, ina apo, ina uko. Iliyonse anaiikira mthunzi wa katoni.

Patapita sabata, Amayi anabwera ndi nkhani.

"Mbande za kwa achimwene zauma zonse."

"Zilekerenji?" anatero Agogo. "Anazula dzuwa lili paliwombo. Nthaka ili gwa. Mizu yonse anaisiya kuno."

"Iwo akuti njere zake zinali zoipa," anatero Amayi.

Agogo anaweramira nsapato imene ankasoka. Anangokoka ulusi mwamphamvu. Ulusi unaduka.

Tsopano padziko lonse panatsala mbande zitatu zokha. Zonse zinali m'kadimba ka Kanyerere.

M'mawa wina nkhuku inalowa pabowo la mpanda. Inapalasa apa. Inapalasa apo. Mbande imodzi inathyoka.

"Ndinanena ine," anatero Agogo. "Nayo nkhuku ndi mbala. Yangosowa malaya."

Kanyerere anatseka bowo lija ndi timitengo. Anamanga ndi waya. Kenako anawerenga.

"Imodzi. Ziwiri."

Anasasa m'manja.

"Ziwiri zakwana," anatero.

M'mawa wina anapeza mbande ina ili gone pansi. Inali yodulidwa m'tsinde. Kanyerere anafukula dothi ndi chala. Anapeza mbozi yonenepa itadzipinda.

"Ndiwe eti?" anatero Kanyerere.

Anaiponyera nkhuku kuseri kwa mpanda.

"Mbala yadya mbala inzake," anatero Agogo.

Kanyerere anadula botolo la pulasitiki uku ndi uku. Analiveka mbande yotsala ngati kolala. Anawaza phulusa mozungulira. Kenako anawerenga.

"Imodzi."

Anayang'ana Agogo. Agogo anapukusa mutu.

"Basi, mdzukulu wanga," anatero Agogo. "Zinthu zimatha. Tsabola wa agogo ako watha."

"Sanathe, Agogo," anatero Kanyerere. "Imodzi yakwana."

Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Anathira manyowa. Anaphimba nthaka ndi udzu wouma. Mbande inakula. Masamba anali biriwiri. Inafika m'bondo mwa Kanyerere.

Tsiku lina inatulutsa timaluwa toyera.

"Agogo! Agogo! Maluwa!"

Agogo anabwera, nsapato ili m'manja. Anawerama. Anakanda mutu.

"Agogo ako ankathothola maluwa oyamba," anatero. "Ankati mtengo uyambe wakula, kubereka pambuyo."

"Kodi zinkathandiza?"

"Ine ndinkati n'kupusa. Maluwa anga ndinkawasiya. Koma tsabola wambiri ankakhala wawo. Wanga ankangokwana m'dzanja."

Kanyerere anayang'ana timaluwa tija. Tinali tokongola. Mtima unamuwawa. Koma anathothola kamodzi. Anathothola kena. Anathothola tonse.

"Tikalira, usandiloze chala," anatero Agogo.

Tsabola anachita nthambi. Nthambi zinachita nthambi zina. Anafika m'chiuno mwa Kanyerere. Maluwa anabweranso, ambirimbiri. Maluwa anayoyoka. Panatuluka titsabola tobiriwira. Tinakula. Tinapindika ngati nyanga za mbuzi.

Kanyerere anapita pakhonde.

"Agogo, ndipatseniko ulusi wa nsapato. Uwu wokha sindibweza."

"Bola wanena zoona," anatero Agogo. Anamudulira.

Kanyerere anasankha tsabola atatu aakulu kwambiri. Aliyense anam'manga ulusi pakhosi.

"Awa ndi a mbewu," anauza Amayi. "Sitidya. Akhale mpaka afiire."

"Ndamva, mayi mwini dimba," anatero Amayi akuseka.

Masiku anapita. Tsabola a ulusi anayamba kusintha. Anali asanafiire bwinobwino.

Loweruka, pachipata panamveka mawu.

"Odi kuno! Muli bwanji, Bambo? Muli bwanji, achemwali?"

Anali Amalume. M'manja munalibe keni. Munali jumbo yopanda kanthu.

"Tili bwino," anatero Agogo. "Nyundo yanga ili bwanji?"

Amalume anaseka. Anadutsa pakhonde. Analunjika kudimba.

"Ee! Tsabola wa malemu Amayi uja!" anatero Amalume. "Wabereka chonchi? Ndithyoleko wa ndiwo."

Anatambasula dzanja. Dzanja linapita pa tsabola wamkulu wa ulusi.

Kanyerere anali pampopi. Anasiya chitini. Anathamanga. Anaima njo, pakati pa Amalume ndi tsabola.

"Ayi, Amalume," anatero. "Ameneyo ayi."

"Iwe, mwana wa achemwali! Ukukaniza malume ako tsabola?"

"Wa ulusi ndi wa mbewu. Sanakhwime. Mukathyola lero, njere zake sizimera."

"Tachoka apo. Kamwana ngati iwe ukudziwa chiyani?"

Kanyerere sanachoke.

"Ndikudziwa kuti zinali makumi awiri," anatero. "Yatsala imodzi."

Amayi anaima pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja ndi anyezi. Agogo anaima pangodya ya nyumba.

Amalume anayang'ana Amayi. Anayang'ana Agogo. Anabweza dzanja. Analiika m'thumba.

"Ndimangocheza," anatero.

Kanyerere anathyola tsabola asanu obiriwira, opanda ulusi. Anagwada pang'ono. Anapereka ndi manja awiri.

"Awa ndi a ndiwo, Amalume."

Amalume analandira. Anaika mu jumbo.

"Nanga keni yanga?" anafunsa Kanyerere.

"Mawa," anatero Amalume. Ndipo anapita.

"Asanu athunthu!" anadandaula Agogo. "Ine ndikanam'patsa tsamba."

Patapita masiku khumi, tsabola a ulusi anafiira kuti psuu. Kanyerere anawathyola. Amayi anam'veka timapepala ta pulasitiki m'manja.

"Usagwire m'maso," anatero Amayi.

Kanyerere anang'amba tsabola. Anakokolola njere ndi supuni. Anaziyanika papepala, pamthunzi. Ankazilondera kuopa nkhuku. Njere zinauma kuti gwa.

Agogo analowa m'chipinda. Anatulutsa nsapato yakale ija. Anatulutsa bokosi la machesi. Kanyerere anathira njere. Bokosi linadzaza. Njere zina zinatsala.

"Amayi, tipatseni bokosi lina!"

Amayi anakhuthula machesi m'mbale. Bokosi lachiwiri linadzaza theka.

Madzulo anakhala pamphasa onse atatu. Amayi anadulira tsabola wofiira mu nyemba. Nyumba yonse inanunkhira. Agogo analawa. Anatafuna pang'onopang'ono. Misozi inalengeza m'maso.

"Agogo, mukulira?" anafunsa Kanyerere.

"Ndani? Ine? Ndi tsabolayu. Amawawa ngati pakamwa pa agogo ako."

Amayi anaseka. Kanyerere anaseka. Agogo anapempha nyemba zina.

Atatha kudya, Agogo anaika bokosi limodzi mu nsapato. Linalo anaika m'manja mwa Kanyerere.

"Ili usunge wekha," anatero. "Ndipo usandiuze pomwe wabisa. Ngakhale ine usandikhulupirire."

Kanyerere anagwedeza bokosi pafupi ndi khutu. Njere zinalira kuti tsere, tsere, tsere.

"Chaka chamawa ndifesa makumi anayi," anatero.

M'mawa mwake anadzuka. Anatunga madzi pampopi. Anathirira tsabola wake ndi chitini chobowola.

Amalume sanapepese. Keni ija ikadali kwawo. Nyundo nayonso.