Zipolopolo Zisanu za a Sada

Chaka chimenecho chimbalangondo chimodzi chinakana kugona. Zinzake zonse zinalowa m'mapanga kukagona nyengo yonse yozizira chipale chofewa chitangoyamba kugwa, koma icho chinatsala kunja chikuyendayenda ndi njala yake. Mwezi woyamba wa chaka chinatsikira kung'anjo ya makala ya Rikizo, mng'ono wawo wa a Gensaku. Anthu atapita kukaona chimene utsi unalekera kufuka, anapeza nkhwangwa, nsapato imodzi yaudzu, ndi mkukuluzi wolowera kuphiri.

Kwathu kuno munthu satsala m'phiri. Ngakhale akhale mafupa okha, amakatengedwa. Ndipo wokatenga anali a Gensaku omwewo, mkulu wa alenje a m'mudzi.

Vuto linali phewa. Chaka cham'mbuyo mtengo unawagwera, fupa n'kulumikizana mokhota ngati chikwakwa. Tsiku limene anayesa mfuti kuseri kwa nyumba, mfuti inawamenya theche, akuluakulu n'kukhala pansi thapsa, miyendo m'mwamba, nkhuku zikuonerera. Dzanja nalo linali litayamba kunjenjemera, moti akati athire mtovu wosungunuka m'chikombole, theka linkathera pansi.

"Muotcha nyumba," anatero akazi awo, a Sada. "Bweretsani kuno chipandecho."

"Mwayamba misala? Mkazi kugwira zipolopolo?"

"Akuona ndani? Tsekani chitseko."

Tsono mudziwe kuti Mwiniphiri, mzimu wa phirilo, ndi mkazi, wonyansa nkhope, wansanje yosati masewera. Safuna fungo la mkazi wina m'phiri mwake. Mlenje akamakonzekera ulendo amagona payekha masiku asanu ndi awiri, ndipo mfuti yake mkazi saigwira, saidumpha. N'chifukwa chake alenje amayenda ndi kansomba kouma kaminga, konyansa kuposa iyeyo, kuti akakwiya amuonetse, aseke, mtima ukhale pansi. A Sada ankamutchula kuti "mkazi mnzanga," poti amuna awo anagawana naye zaka makumi anayi.

Koma zaka makumi anayi zomwezo a Sada ankasoka pafupi ndi moto, diso limodzi pa singano, lina pa manja a amuna awo. Anasungunula mtovu, nayengula zoyandama pamwamba, nathira m'chikombole osadontheza. Kenaka anatenga kansungwi koyezera wonga, nakadula pakamwa ndi mpeni wosendera mbatata.

"Mukutani tsopano?"

"Ndikuichotsa mwano mfuti yanuyi."

Anadzaza makoko amkuwa asanu ndi awiri, wonga wochepa, mtovu pamwamba, natseka pakamwa ndi phula. Ziwiri a Gensaku anakayesera pa chitsa. Mfuti inangowagwedeza phewa ngati mdzukulu wodzutsa agogo ake. Koma chipolopolo choyamba, chowombera pa mapazi makumi asanu, chinatopera panjira n'kugwa m'chipale chitsa chisanafike. Chachiwiri, pa mapazi khumi, chinalowa m'chitsa mpaka osaonekanso.

"Mapazi khumi," anatero a Gensaku. "Ndiye kuti ndikachinunkhize m'kamwa."

"Ine m'kamwa mwanu ndanunkhiza zaka zonsezi, ndafa?"

A Gensaku sanaseke. Akazi awo atapita kukatunga madzi, anadzidzazira okha khoko limodzi, wonga wodzaza monga kale, nalikanda ndi mpeni kuti alizindikire. Amuna ndi choncho, ngakhale nkhuku zitawaona kale.

Ananyamuka atatu. Panali a Gensaku, panali a Matsuzo, mnzawo wa msinkhu umodzi amene miyambo ya m'phiri ankaigwira ngati mazira, ndi Kanekichi, bambo wa thupi ngati ng'ombe koma mtima wa mbewa, amene anasenza mpunga ndi chingwe. Tsiku loyamba analondola mkukuluzi mpaka pamene chipale chatsopano chinaukwirira. Kuchoka apo anatsata mapazi okha, akuluakulu ngati mbale. Anagona m'kanyumba ka alenje kumtunda kwa mtsinje.

Tsiku lachiwiri mapazi aja anawakweza phiri, nawatsitsa, nawazungulitsa thanthwe. Dzuwa lili paliwombo anapezeka aima pamalo pamene anadutsa m'mawa. Kanekichi anawerama.

"Akulu, taonani. Phazi lake lili pamwamba pa langa."

Zinali zoona. M'phazi lililonse la Kanekichi munali phazi la chilombo, loponda bwinobwino, losaphonya ndi limodzi lomwe.

"Kodi tikuchisaka ndife, kapena ndicho?"

"Tseka pakamwa, senza mpunga," anatero a Matsuzo.

Apo ndi pamene anamva nkhwangwa. Kho, kho. Zii. Kenaka kakhosomolo kouma. Kho, kho, kakhosomolo. A Gensaku anamva tsitsi likuwaima, chonsecho mutu wawo unali dazi lokhalokha. Mudzi wonse unkadziwa kuti Rikizo amatema kawiri n'kukhosomola, utsi wa makala utamudya chifuwa. Ndiponso nkhwangwa yakeyo a Gensaku anaisiya okha kunyumba, kuseri kwa chitseko.

Kenaka mtengo unalira, unang'ambika, unagwa guu, nthaka mpaka kugwedezeka. Anathamangira komweko. Mitengo yonse inali chiimire, chipale chili see, ngakhale kanthambi kothyoka panalibe.

A Matsuzo anatulutsa kansomba kaja m'chifuwa, nakavundukula m'pepala, nakaonetsa kumtunda ndi manja awiri. Nthawi zonse akatero kamphepo kamagwedeza nsonga za mitengo, alenje n'kuti waseka. Tsiku limenelo mphepo imene inalipo inaleka. Kunangoti zii, mpaka munthu kumva magazi ake m'makutu.

"Wina wabwera ndi chonyansa m'phiri muno," anatero a Matsuzo. "Kanekichi!"

"Ine ayi, akulu! Masiku asanu ndi awiri ndagona m'khola. Kafunseni kavalo!"

"Khuthulani matumba. Tonse."

Anayala chikopa pa chipale nakhuthula. Mpunga, mchere, mipeni, fodya. A Matsuzo ananyamula zipolopolo za a Gensaku chimodzichimodzi, akuzitembenuza pa kuwala. Pa chachitatu anaima. Anatsina kanthu pa phula, nakoka pang'onopang'ono. Linali tsitsi limodzi, laimvi, lalitali ngati mkono.

A Matsuzo anayang'ana tsitsi, nayang'ana dazi la mnzawo.

"Mwameranso liti, anzanga?"

"Dzanja langa silithira mtovu, Matsuzo. Mukudziwa."

"Mukanabwera kwa ine."

"Zanu zimenya theche. Ndikagwa chagada, chilombo chindidikira ndidzuke?"

"Mwatilowetsa m'nyumba ya mwini ndi fungo la mkazi wina. Inu ndi mkulu wathu, ndinu munandiphunzitsa zimenezi. Katayeni."

Anatsikira kumtsinje, Kanekichi naswa madzi oundana ndi mwala. A Gensaku anafumbata zisanu zija, natambasula dzanja pamwamba pa dzenje. Zinagwa thibu, zonse pamodzi, wina sakanatha kuwerenga. Koma zinagwa zinayi. Chachisanu chinatsetsereka m'mkono wa malaya, chozizira ngati njoka. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Atatero anavula, a Matsuzo nawathira madzi a mumtsinjewo pamutu katatu monga mwa mwambo, nkhalamba mano ali gwegwegwe.

"Tengani ziwiri zanga," anatero a Matsuzo.

"Ndili nacho chimodzi chodzaza ndekha."

M'mawa mwake nkhwangwa inayambanso, ndipo ulendo uno inkayenda. Akayandikira, imveka patsogolo. Akaima, nayo iima, n'kukhosomola ngati ikuwadikira. Inawatsogolera m'chigwa chopapatiza chimene ngakhale a Gensaku anali asanalowemo. Kumathero kwake kunali mtengo waukulu wouma, ndipo patsinde pake mulu wa nthambi ndi chipale. Pa muluwo panatulukira kansalu kobiriwira, kamene Rikizo ankamanga kumutu.

Nkhwangwa inaleka.

"Chili pafupi," ananong'ona a Gensaku. "Sichisiya nkhokwe yake. Matsuzo, kwerani pa thanthwe ilo. Kanekichi, bwerera kumunsi, ukakuwe kuti chitulukire kuno."

Kanekichi sanayende ngakhale mapazi asanu. Anangoti "Mayo!" mpunga uko, iye ali kale m'mtengo. Chilombo chinali kumbuyo kwawo, m'njira imene anadzera, chitakhala pansi ngati munthu wodikira basi. Chinadzuka, nichiyamba kubwera. Sichinathamange, sichinabangule. Chipale chimene chinkalira pansi pa mapazi a anthu, pansi pa icho chinali chete.

A Matsuzo anawomba. Phokoso linadzaza chigwa, chipale chinathothoka m'mitengo, koma chilombo sichinatembenuke ndi khutu lomwe. Anayamba kulimbana ndi khoko limene linakanirira m'mfuti, akutukwana.

Mapazi makumi asanu ndi limodzi. A Gensaku anakweza mfuti, m'kati muli chipolopolo chawo chokanda chija. Thako la mfuti litangokhudza phewa, ululu unawalasa mpaka m'mano. Kamwa la mfuti linkajambula timizere m'mwamba. Anadziona ali chagada, miyendo m'mwamba, koma woonerera sakhala nkhuku.

Anatsekula mfuti. Chipolopolo chawo chinagwera m'chipale. Anagwedeza mkono wa malaya, china n'kugwera m'dzanja.

"Gensaku, ayi!" anakuwa a Matsuzo pathanthwe paja. "Ayi, anzanga, mutiphetsa!"

Mapazi makumi atatu. A Gensaku anaponda mwamphamvu, nayamba kuwerenga. Makumi awiri. Maso a chilombo sanali pa nkhope yawo, anali pa mfuti. Khumi ndi asanu. Khumi ndi awiri. Mpweya wake unawafika, ndipo sunali fungo la nyama yowola ayi. Linali fungo la mafuta amene akazi amadzola m'tsitsi.

Pa mapazi khumi chinaimirira ndi miyendo iwiri.

Chimbalangondo chilichonse chili ndi kamwezi koyera pachifuwa, ndipo ndi pomwe mlenje amalozera. Ichi chinalibe. Chinali chakuda bii kuyambira kukhosi mpaka kumimba. Mwana aliyense wa mlenje amadziwa za chimenechi: ndi chiweto cha Mwiniphiri, ndipo wochipha sagwiranso mfuti, sapondanso m'phiri moyo wake wonse. A Gensaku anadziwa. Kumbuyo kwawo kunali kansalu kobiriwira kaja.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndabwera kudzatenga mng'ono wanga."

Mfuti inalira pang'ono chabe, ngati chitseko chotsekedwa ndi mphepo. Phewa linangogwedezeka. A Gensaku anali chiimire. Chilombo chinayenda mapazi atatu chili chilili, kenaka chinapinda mawondo, n'kugona mutu uli pa nsapato zawo.

Sanachisende, sanatenge ndulu, ngakhale kaubweya. A Matsuzo anatsika, nachiyang'ana pachifuwa, navula chipewa. Anachigoneka mutu kuloza kumtunda, nanena mawu amene alenje amanena akapha nyama. Kanekichi anatsika m'mtengo ataitanidwa katatu, ndipo anapempha kuti za buluku lake lonyowa zisakamveke kumudzi. Zinamveka tsiku lomwe anafika.

Anafukula Rikizo, namukulunga m'chikopa, Kanekichi namubereka kumsana. Pobwerera palibe chinawatsata. Pamalire a nkhalango a Gensaku anavula mfuti paphewa, naipereka kwa a Matsuzo.

"Mukhala mkulu ndinu."

"Ine sindinaone kanthu m'mkono mwanu," anatero a Matsuzo, maso ali kumbali. "Ndakalamba, maso anatha."

Rikizo anaikidwa pafupi ndi makolo ake. A Gensaku anakhala masiku atatu pafupi ndi moto, msana ataulozetsa kuphiri. A Sada anangofunsa funso limodzi.

"Zisanu zija?"

"Chimodzi chinagwira ntchito. Zinayi zili mumtsinje."

"Mtovu wanga wabwinobwino."

M'mawa wa tsiku lachinayi a Sada anatsekula chitseko kuti akapatse nkhuku chakudya, n'kuima pomwepo. Chipale chinali chitagwa, pabwalo ponse pali see, popanda phazi la munthu kapena la galu. Koma pakhomo penipeni panaima zipolopolo zinayi, zonyowa, madzi akudontha, zomangidwa pamodzi ndi tsitsi.

Silinali laimvi. Linali lakuda bii. A Sada anagwira nsonga yake nayamba kulikulunga pa chigongono monga amachitira ndi ulusi. Kasanu, kakhumi, kakhumi ndi kawiri, lisanathe. Fungo la mafuta aja linalowa m'nyumba. A Gensaku anali ataima kumbuyo kwawo, nkhope ili mbuu ngati phulusa.

"Sada," ananong'ona. "Tayani."

A Sada anakonza malaya awo, nayang'ana kuphiri, nawerama mwaulemu ngati mmene amachitira akalandira mbale yobwereka.

"Zafika, amnzanga, zikomo," anatero mokweza. "Mwamunayunso ndalandira, ngakhale mwandibwezera atatha."

Kumtunda, nsonga za mitengo zinagwedezeka kamodzi, kopanda mphepo.

A Sada anaika zipolopolo m'thumba la malaya, natembenuka, napatsa amuna awo lichero la chakudya cha nkhuku.

"Gwirani, bambo. Izi ndiye nyama zanu tsopano. Zimakudziwani kale."