Wokwera pa Kaliyala

Dzuwa linali litapendeka pamene Tiyanjane anagadabuza njinga yake pabwalo n'kuyamba kupaka oyilo pa tcheni. Unali mwezi wa Juni, anthu a m'mudzi wa Mkanthama, cha ku Chiosya, ali kalikiliki kuthothola mtedza, ndipo fumbi linkamatirira pa chilichonse. Tiyanjane anali mlangizi wa zaumoyo wongobwera kumene kuchokera ku Lilongwe, koma m'mudzimo ankangomuti adokotala. Ku ofesi anamupatsa njingayo, sikelo yoyezera ana ndi midzi isanu ndi iwiri yoti aziyendera.

Masabata oyamba ankafika kunyumba misozi ili m'maso. Ntchafu zinkamuwawa, minga inkamuboolera chubu pafupifupi tsiku lililonse. Koma pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Anadziwa malo amene mchenga umameza tayala, anaphunziranso kutsika pa njinga akakumana ndi akuluakulu. Mayi Esitele, mayi wamasiye amene anamupatsa chipinda kuseri kwa nyumba yawo, ndiwo anamuonetsa kamangidwe ka chitenje koti chisakodwe m'masipoko. Chipindacho chinali chaching'ono, choncho njinga inkagona pabalaza pa mayiwo. M'mawa Tiyanjane ankaitulutsa yekha, madzulo n'kuilowetsanso.

Tsiku limeneli, atagwira kaliyala kuti aitembenuze njingayo, anachotsa dzanja msanga. Chitsulocho chinali chofunda ngati mpando umene munthu wangonyamukapo, pamene mahandulo anali ozizira ndi mphepo ya mwera. Panalinso fungo, ngati la dothi lofukulidwa pansi kwambiri losakanikirana ndi la nyama yogonera. Anatsuka kaliyalayo ndi sopo kawiri, koma fungolo silinachoke.

M'mawa mwake njinga inalemera. Anayang'ana matayala, anali olimba. Mabuleki sankagwira. Koma pa chitunda cha kudambo, chimene anali atayamba kuchikwera osatsika, anafika pamwamba thukuta lili kamukamu, ndipo tayala lakumbuyo linkasiya mzere wozama mu mchenga ngati wanyamula thumba la chimanga. Kumbali kwa njira, gogo wina amene ankakumba mtedza anaweramuka n'kuphimba maso ndi dzanja.

"Mwadzuka bwanji, adokotala? Nanga anzanuwo adzuka?"

"Anzanga ati, agogo?"

Gogoyo anayang'anitsitsa kumbuyo kwa njinga. Kenako anatola khasu lake n'kulowa m'munda mwaliwiro, osacheukanso.

Tsiku limenelo sikelo ya ana inali pakhomo pa a Laston, bambo wamphamvu amene anagwirapo utenanti pa esiteti ya fodya kenako n'kukhazikika m'deralo. Anamuchingamira Tiyanjane pa mpanda, akumwetulira. "Lowani, lowani, pano m'pakwanu." Atangoitsamiritsa njinga pa nkhokwe, inagwedezeka pang'ono, belu n'kulira lokha kamodzi. Agalu awiri amene anagona pamthunzi anadzuka n'kuthawira kuthengo michira ili pakati pa miyendo. Pobwerera madzulo, njinga inalemera kuposa m'mawa, ngati yakwezedwa munthu wokhuta.

Patapita masiku atatu a Laston anamwalira. Sanadwale. Anangokhala pansi m'chigafa chawo cha fodya, n'kunena kuti china chawakhala pachifuwa, basi. Sabata yotsatira Tiyanjane anakaona Luwiza, mtsikana amene anali atangochira kumene, mwana wake woyamba ali ndi mwezi umodzi. Luwiza nayenso anati lowani, anamuyalira mkeka, anamukazingira mtedza. Lamlungu lake anamuika m'manda, khanda likulira m'manja mwa agogo ake.

Manong'onong'o anayambira pa mjigo n'kufika ku tchalitchi. Anthu ankati pamene paima njinga ya adokotala, yambani kufunafuna matabwa. Ena ankalumbira kuti aona mapazi awiri akulendewera m'mbali mwa tayala lakumbuyo, opanda mwini. Tiyanjane akamadutsa, amayi ankakokera ana m'nyumba, zitseko n'kumatsekeka chimodzichimodzi. Tsiku lina mwala unamudutsa pakhutu. Amene anauponya sanamuone.

Anapita kwa a Zakeyu, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa mphambano, amene ankamumatira chubu chibwerere. Mkuluyo anapukusa tayala lakumbuyo n'kumvetsera, kenako ananunkhiza kaliyala. Anapukuta manja pa ovololo yake kwa nthawi yaitali.

"Njingayi ilibe vuto, mayi. Imagona kuti?"

"Kwa mayi Esitele, pabalaza."

"Hmm." Anatsitsa mawu. "Makomo a kuno ngotsirika onse. Woipa sangalowe yekha, amabwerera pa mpanda. Koma inu aliyense amakuuzani kuti lowani. Akakuuzani inu, auzanso amene muli naye."

"Ine zimenezi sindikhulupirira, a Zakeyu. Ndinaphunzira za majeremusi ine."

"Chabwino. Mawa pitani kudambo, koma musalowe pakhomo pa munthu. Mukabwere nayo dzuwa lisanalowe, ndipo mukaiimike kunja kwa mpanda wa mayi Esitele. Nyumba ija njotsirika kuposa zonse. Amene anatuluka monyamulidwa, alowanso monyamulidwa."

Tiyanjane anachita monga anamuuzira. M'mawa anaitulutsa njinga m'nyumba muli zii, chitseko cha kuchipinda kwa mayi Esitele chili chotseka. Inalemera asanafike n'komwe pamsewu. Tsiku lonse anakhala pa mlatho wa kudambo, njinga itatsamira pa mtengo, iye akudziuza kuti ndi wopusa. Chakumadzulo anaikwera n'kuloza kumudzi. Dzuwa linali kumanja kwake, ndipo chithunzithunzi chake chinatalika pa ziputu za chimanga. Anachiyang'ana kamodzi kokha. Pa njingayo panali anthu awiri. Wakumbuyo anakhala chammbali, monga amakhalira amayi, manja atawaika pa maondo.

Sanakuwe. Anangopalasa, mpweya wozizira ukumuuzira pakhosi. Atafika pa mphambano a Zakeyu anasiya sipanala n'kumutsata, ndipo anthu ena atawaona anatsatanso. Pamene ankafika pa mpanda wa mayi Esitele, kumbuyo kwake kunali khamu. Anatsika, n'kuimika njinga kunja, pafupi ndi chipata.

"Ilowetse, mwanawe."

Mawuwo anachokera pa kaliyala popanda munthu. Anali mawu omwe aja amene ankamufunsa tsiku lililonse ngati wayenda bwino. Amayi ena anakuwa n'kugwa pansi. Amuna awiri anathamangira m'nyumba, n'kuthyola chitseko cha kuchipinda. Anatuluka atanyamula mkeka, pamkekapo pali mayi Esitele, maso ali tong'o, thupi lozizira ngati mtsuko. Anawagoneka pakhonde. Tiyanjane anathamangira pomwepo n'kuwagwira pamkono. Mtima unkagunda, koma patalipatali.

"Dzuwa likalowa ndili kunja kuno, sindibwereranso," anatero mawu aja. "Tiyanjane, ndinakulandira ngati mwana wanga."

Mkazi wa malemu a Laston anatuluka m'khamulo n'kugwira mahandulo ndi manja onse awiri.

"Amuna anga anakulakwirani chiyani?"

Mawu aja anayankha kuchokera pa kaliyala.

"Munda wa kudambo unali wa malemu amuna anga. Iye wobwera, n'kumakolola ngolo zisanu, ine ndikugona ndi njala."

"Ndiye khalani pomwepo!" anakuwa mkazi wa a Laston. "Pasapezeke woigwira njingayi!"

Khamu linavomereza. Dzuwa linali litakhudza kale nsonga za mitengo ya bulugamu cha kumalire. Tiyanjane anali chigwirire mkono uja, akuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo kunkachepa. Anakumbukira a Laston akumuchingamira, anakumbukira khanda la Luwiza. Mtima wake unkamuuza kuti akhale pansi, sizitenga nthawi. Koma chiyambire ntchito yake anali asanasiyepo munthu kuti afe iye akuonerera, ndipo anadziwa kuti akatero lero, ndiye kuti zimene anthu ankamunena zikhala zoona.

Anaimirira n'kupita pa chipata.

"Mayi, pepani. Ndanyamula imfa kawiri osadziwa. Kachitatu ndikudziwa, sindingathe."

Mkazi wa a Laston uja anamuyang'ana. Kenako manja ake anamasuka okha, n'kukhala pansi m'fumbi akulira. Tiyanjane anaikankha njingayo. Inkalemera ngati ngolo, tayala lakumbuyo likukwekwereza pansi, koma inadutsa chipata. Pomwepo inapepuka mpaka anatsala pang'ono kugwa nayo chafufumimba.

Pakhonde paja mayi Esitele anakoka mpweya mwamphamvu n'kukhala tsonga. Sanayang'ane munthu. Anamanga duku lawo bwinobwino, anakutumula fumbi pa chitenje, n'kuyamba kuyenda. Khamu linapatuka lokha. Amene anali atatola miyala anangoigwira m'manja, palibe anayerekeza kuponya. Mayiwo analowera njira yodutsa m'minda, imene amadzera anthu ozemba ndi katundu popita ku Zambia.

Apongozi ake a Luwiza ndi amene analimba mtima n'kufuula.

"Nanga mwana uja anakulakwirani chiyani? Khanda lija mwalisiya ndi yani?"

Mayi Esitele anaima n'kutembenuka. Nkhope yawo sinkaoneka bwino chifukwa cha kachisisira, koma mawu anamveka kwa aliyense.

"Wanga ndi Laston yekha. Kwa Luwiza sindinapite ine. Njinga ija tinkasinthana." Anayendetsa maso pang'onopang'ono pa khamu lonse. "Mnzangayo ali pompano. Watola mwala waukulu kuposa nonse."

Anapitiriza ulendo wawo mpaka ziputu za chimanga zinawabisa, ndipo m'dera la Chiosya sanaonekenso.

Tiyanjane anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi: amayi amene ankabwera ku sikelo, akuluakulu a tchalitchi, anansi amene ankatunga nawo madzi. Kenako anamva miyala ikugwa pansi, uwu apa, uwo apo, aliyense akufulumira kutaya wake mnzake asanaone kukula kwake.