Olipa ndi Makina Opanda Chingwe

Uyu ndi Olipa. Olipa amakhala ku Chinsapo. Ali mu Sitandade 2.

Olipa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Sankafuna chidole. Sankafuna nsapato. Ankafuna kupeza munthu pakhomo akaweruka kusukulu.

Koma pakhomo sankapeza munthu. Ankapeza loko. Ankatsegula yekha. Ankadya mbatata yake yekha. Nyumba inkangoti zii.

Amayi ake amagwira ntchito ku Kanengo. Amasankha fodya. Amachoka m'mawa. Amabwera madzulo atatopa.

Abambo ake ndi a Leston. Iwo ndi kalipentala. Amakhoma mabedi. Amakhoma mipando. Koma sankakhomera pakhomo ayi. Ankakhomera ku Biwi. Ku Biwi n'kutali.

Olipa alibe mkulu wake. Alibenso mng'ono wake. Ana apafupi ndi akuluakulu. Akamasewera fulaye, amati, “Iwe ndiwe wamng'ono. Takhala uko.”

Ndiye Olipa ankakhala pakhonde. Ankayang'ana kumsewu.

Padutsa njinga ya kabaza. Si Adadi.

Padutsa wogulitsa makala. Si Adadi.

Padutsa galu. Aa, ameneyo ndiye si Adadi n'komwe!

Nthawi zina Olipa ankayankhula ndi tsache. Tsache silinkayankha. Olipa ankasungulumwa kwambiri.

Tsiku lina madzulo, Olipa anafunsa.

“Adadi, bwanji simukhomera pano?”

Abambo anati, “Sowo ilibe vuto, mwanangu. Puleni yosalazira matabwa ilibe vuto. Zimenezo ndi zamanja. Vuto ndi masikuluu.”

“Masikuluu atani?”

“Bedi limafuna masikuluu ambiri. Ndikamanga ndi manja, mkono umandipweteka. Ndiye ndimamanga ndi makina. Makinawo ali ndi chingwe. Chingwe chimafuna magetsi. Pano magetsi tilibe. Ku Biwi ndiye aliko.”

Olipa anaganiza. Kenako anati, “Ndiye chingwe chinakumangirirani ku Biwi? Ngati mbuzi?”

“Iwe Olipa!” anatero Amayi. “Abambo ako ndi mbuzi?”

Abambo anaseka mpaka kutsokomola.

“Musiyeni mwanayu,” anatero. “Akunena zoona.”

Sipanapite nthawi, makina aja anafa. Abambo anabwera nawo m'thumba.

“Analira moipa,” anatero Abambo. “Mano am'kati anatha. Kenako kunatuluka utsi. Ndiyenera kugula ena.”

“Achingwe?” anafunsa Olipa.

“Ndamva kuti kuli opanda chingwe. Amayendera batire, ngati foni. Batire tizikatchajitsa kotchajitsa mafoni.”

Olipa anaimirira. “Ndiye muzikhomera pano?”

“Akakhala amphamvu, ndizikhomera pano.”

“Nanga akapanda kukhala amphamvu?”

“Ndigula achingwe. Ndibwerera ku Biwi.”

Olipa anakhalanso pansi. Opanda chingwe, Adadi pakhomo. Achingwe, Adadi ku Biwi.

Loweruka linafika. Amayi anapita kuntchito. Abambo anati, “Vala nsapato. Tipitire limodzi.”

Abambo anatenga kachidutswa ka thabwa. Anaika m'chikwama. Anatenganso masikuluu aataliatali.

“Thabwalo n'lachiyani, Adadi?”

“Uwu ndi mlombwa. Mlombwa ndi mtengo wolimba. Tikawayesa pamenepa makinawo.”

Anakwera minibasi. Anatsika m'tauni. Anayenda mumsewu wa Malangalanga. Anthu anali piringupiringu. Olipa anagwira dzanja la Abambo. Analigwira zolimba.

Analowa m'sitolo ya zipangizo. Munali penti. Munali misomali. Munali maloko. Mwini sitolo anali Mayi Hafsah.

“Takulandirani, bambo,” anatero Mayi Hafsah. “Tikuthandizeni chiyani?”

“Zikomo, mayi. Ndikufuna makina omangira masikuluu.”

Mayi Hafsah anaika makina atatu patebulo.

Oyamba anali ofiira. Anali aakulu. Anali ndi chingwe chachitali, chakuda.

Achiwiri anali achikasu. Anali aang'ono. Analibe chingwe.

Achitatu anali obiriwira. Anali aafupi, onenepa ngati chule. Nawonso analibe chingwe.

Abambo anasisita ofiira aja. “Awa ndimawadziwa,” anatero.

Olipa sanawakonde ofiirawo. Sanawakonde ngakhale pang'ono.

“Yambani achikasuwa, Adadi,” anatero Olipa.

Abambo anatulutsa mlombwa. Anaimika sikuluu pathabwa. Ananyamula makina achikasu.

Fyiii! Sikuluu inalowa pang'ono.

Fyiii! Inalowanso pang'ono.

Kenako makina anabuula. Anapotoza dzanja la Abambo. Anaima.

“Mayo, mkono wanga!” anatero Abambo. “Awa ndi a matabwa ofewa. Mlombwa wawakanika.”

Opanda chingwe anatsala amodzi okha.

Abambo anaimika sikuluu ina. Ananyamula makina obiriwira.

Fyiii! Sikuluu inayamba kulowa.

Kenako, TA-TA-TA-TA!

Abambo anadzidzimuka. Anachotsa chala msangamsanga. Makina anati zii.

“Ogo!” anatero Abambo. “Awa ndi akufa! Mano atha!”

“Ayi, bambo,” anatero Mayi Hafsah. “Ndi atsopano. Dzina lake ndi impakiti. M'kati mwake muli...”

“Mayi, ine makina ndimawadziwa,” anatero Abambo. “Anga analira chonchi. Kenako utsi. Ayi, zikomo.”

Abambo anakankhira obiriwira kumbali. Anakokera ofiira pafupi.

“Ndipatseni achingwewa,” anatero.

Mayi Hafsah anapita kukatenga bokosi.

Olipa anayang'ana chingwe chija. Chinali chachitali. Chinali chakuda. Koma sichikanafika ku Chinsapo.

Misozi inalengeza m'maso mwa Olipa. Anakoka malaya a Abambo.

“Adadi.”

“Tadikira, Olipa.”

“Adadi, mwawadula pakamwa.”

Abambo anatembenuka. “Ndadula ndani pakamwa?”

Olipa analoza makina obiriwira.

“Awo. Amayankhula. Inu mwawadula pakamwa. Paja mumati si bwino kudula munthu pakamwa. Mumati munthu azimaliza kaye.”

Mayi Hafsah anali atabwera ndi bokosi. Anagwira pakamwa kuti asaseke.

“Olipa, makina sayankhula,” anatero Abambo.

“Kunyumbanso palibe amene amayankhula, Adadi.”

Olipa anapitiriza.

“Ndikaweruka, ndimakhala ndekha. Ndimadya ndekha. Ndimayang'ana kumsewu. Inu simubwera. Ndimasungulumwa, Adadi.”

Abambo anasiya makina ofiira aja. Ananjuta pansi. Anamuyang'ana Olipa m'maso.

“Tsiku lililonse?” anafunsa.

“Tsiku lililonse.”

“Bwanji sunkanena?”

“Mumabwera mutatopa.”

Abambo anapukuta misozi ya Olipa ndi chala. Chalacho chinali chokhakhala. Chinkanunkhira matabwa.

“Chabwino,” anatero Abambo. “Tiwasiye amalize. Koma ukatuluka utsi, basi. Wamva?”

“Ndamva, Adadi.”

“Tseka makutu. Ima apo. Usayandikire.”

Olipa anatseka makutu. Koma maso sanatseke. Maso anali pa sikuluu.

Abambo anagwira makina bwinobwino. Anadina.

TA-TA-TA-TA!

Abambo anachita tsinya. Koma sanachotse chala.

TA-TA-TA-TA!

“Ikulowa!” anakuwa Olipa. “Adadi, ikulowa!”

TA-TA-TA-TA!

Sikuluu inalowa. Inalowa. Inalowa yonse, mpaka mutu.

Abambo anachotsa chala. Anayang'ana thabwa. Anayang'ana makina. Anawanunkhiza. Utsi panalibe.

“Aa, koma abale!” anatero Abambo.

Anaimika sikuluu ina. TA-TA-TA-TA! Inalowa yonse.

Anaimikanso ina. TA-TA-TA-TA! Inalowa yonse.

Thabwa lonse linadzaza masikuluu. Abambo anapisa dzanja m'chikwama. Masikuluu anali atatha!

Abambo anagwedeza mkono wawo. “Taonani,” anatero. “Sanandipotoze dzanja. Mkono sukupweteka.”

Kenako anavula chipewa. Anachita manyazi pang'ono.

“Pepani, mayi,” anatero. “Inunso ndinakudulani pakamwa. Mumati m'kati mwake muli chiyani?”

Mayi Hafsah anaseka.

“Muli kahamala kakang'ono, bambo. Thabwa likakhala lofewa, kamagona. Thabwa likalimba, kamadzuka. Kamamenya. Kamathandiza sikuluu kuzungulira. Phokosolo ndi lake.”

“Ndiye si mano akutha?”

“Si mano akutha. Ndi ntchito.”

Abambo anawanyamulanso makinawo. Anawakweza m'mwamba. Anawatsitsa pansi. Sanali olemera. Anakwana bwino m'dzanja.

“Nanga batire likatha?” anafunsa Abambo.

“Mabatire alipo awiri,” anatero Mayi Hafsah. “Lina likamagwira ntchito, lina lili kotchaja.”

Abambo anayang'ana ofiira. Anayang'ana obiriwira.

“Ofiirawa bwezani, mayi,” anatero Abambo. “Tatenga achulewa.”

Olipa analumpha. Analumphanso. Anatsala pang'ono kugwetsa chitini cha penti!

Mu minibasi, Olipa ananyamula bokosi pamiyendo. Kondakitala anati, “Katunduyo tiike kumbuyo.”

“Ayi, zikomo,” anatero Olipa. “Ndinyamula ndekha.”

Lolemba linafika. Olipa anapita kusukulu. Koma mtima sunali m'malo. Mwina Adadi asintha maganizo. Mwina batire latha. Mwina apita ku Biwi.

Belu linalira. Ana onse anathamanga. Olipa sanathamange. Ankaopa kufika. Anayenda pang'onopang'ono.

Anadutsa pachigayo. Anadutsa pampopi. Anafika pa benchi ya Mayi Dorica. Mayi Dorica amagulitsa tomato pafupi ndi kwawo kwa Olipa.

Mayi Dorica anali atagwira m'chiuno.

“Koma abale inu!” ankatero. “Phokoso lanji limeneli? Chiyambire m'mawa! Ndani ameneyu?”

Olipa anaima. Anatchera khutu.

Ta-ta-ta-ta!

Linkamveka patali. Linkachokera kuseri kwa mpanda wa kwawo.

“Ndi Adadi anga!” anakuwa Olipa. “Ali pakhomo! Adadi anga ali pakhomo!”

Olipa anathamanga. Chikwama chinkamumenya kumsana. Nsapato imodzi inavuka. Anabwerera, anaitola, anathamanganso.

Abambo anali pabwalo. Anali ndi pensulo kukhutu. Pambali pawo panali bedi latsopano. Linali ndi miyendo itatu. Wachinayi unali m'manja.

“Wafika, mwanangu?” anatero Abambo.

“Ndafika, Adadi!”

Abambo anaika makina pansi. Anapukuta utuchi pabenchi.

“Takhala apa. Tandiuza za kusukulu.”

Olipa anakhala. Anayamba kufotokoza.

Anafotokoza za aphunzitsi. Anafotokoza za masamu. Anafotokoza za buluzi amene analowa m'kalasi. Anafotokoza za mnzake amene dzino lake linaguluka. Anaimba nyimbo yatsopano. Anaimbanso kachiwiri.

Abambo ankamanga mwendo wa bedi. Olipa ankawapatsira masikuluu. Makina akati ta-ta-ta, Olipa ankadikira. Makina akamaliza, Olipa ankapitiriza.

Madzulo Amayi anafika. Anaima pageti. Olipa anali akufotokozabe.

Amayi anatula chikwama. Anakhala nawo pabenchi. Anamvetsera. Anamvetserabe.

Kenako anayang'ana Abambo.

“Kodi mwanayu amayankhula chonchi?” anafunsa Amayi.

Abambo anamukumbatira Olipa.

“Inenso ndadziwa lero,” anatero.