Kachiwala Apepesa Miyendo Yake

Uyu ndi Kachiwala. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake. Mtsikana ameneyu zoyenda sazidziwa. Amangodumpha basi!

Chaka chatsopano chitayamba, Kachiwala anatenga pepala. Analembapo zilembo zikuluzikulu: "Chaka chino ndidumpha chingwe ka handiredi osapuma." Pepalalo analimata pachitseko.

"Ka handiredi?" anadabwa amayi ake. "Mwana iwe!"

"Muona, amayi," anatero Kachiwala. "Loweruka lisanafike."

Lolemba anatenga chingwe chake chofiira. Anapita pabwalo. Anadumpha akuwerenga mokweza.

"Kamodzi! Kawiri! Katatu!"

Maso anali pachitseko. Mtima unali pa handiredi. Atafika kakhumi, chingwe chinamukola mwendo. Khu! Kachiwala pansi.

Lachiwiri anadumphanso. Kakhumi, khu!

Lachitatu anadumphanso. Kasanu kokha, khu!

Lachinayi pepala lija linayamba kumuopsa. Akamatuluka, linkamuyang'ana. Akamalowa, linkamuyang'ana. Koma ndiye pepala lovuta!

Lachisanu Kachiwala anapsa mtima. Anaponya chingwe m'bini ya zinyalala. Anakhala pansi. Anayamba kumenya miyendo yake.

"Miyendo yopusa! Miyendo yaulesi! Sindidumphanso chaka chonse!"

Abambo ake anali pakhonde. Iwo ndi osoka nsapato. Pambali pawo panali mulu wa nsapato zong'ambika. Anaika nyundo yawo pansi.

"Kachiwala, ukukalipira ndani?"

"Miyendoyi, bambo. Ikundichititsa manyazi."

"Tabwera nayo kuno ndiione. Za miyendo ine ndiye katswiri."

Kachiwala anapita, masaya atatupa. Abambo ake anayang'ana mwendo uwu. Anayang'ana mwendo uwo.

"Aa, miyendo yabwinobwino! Kodi amakupititsa kusukulu ndani?"

"Miyendo."

"Amakukweza mumtengo ndani?"

"Miyendo."

"Nanga mnzako akagwa, umamumenya?"

"Ayi, bambo. Ndimamudzutsa."

"Eya. Miyendoyi ndi anzakonso."

Kachiwala anayang'ana maondo ake. Anali fumbi lokhalokha. Bondo lina linali ndi kabala. Anamva chisoni. Anayamba kusisita miyendo yake mofatsa.

"Pepani, miyendo yanga," ananong'ona. "Mwatopa eti? Mwayesetsa."

Abambo ake sanaseke ngakhale pang'ono.

"Tsopano ika dzanja pachifuwa," anatero. "Ukumva chiyani?"

"Mtima ukuthamanga."

"Kokera mpweya mkati. Tulutsa pang'onopang'ono."

Kachiwala anakoka mpweya. Anautulutsa. Anakokanso. Anautulutsanso. Mtima unakhala pansi.

Abambo ake analoza mulu wa nsapato uja.

"Taona ntchito yangayi. Ndikamasoka maso ali pamulu wonsewu, singano imandibaya chala. Ndiye ndimayang'ana nsapato imodzi yokha. Ulusi ulowe, ulusi utuluke. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

"Nanga ine ndizitani, bambo?"

"Usawerenge. Uzingomvetsera chingwe chako."

Kachiwala anathamangira kubini. Anatulutsa chingwe chija. Anachisansa bwinobwino. Anaima pabwalo, nafulatira chitseko. Anakoka mpweya kamodzi.

Pha! Chingwe chinagunda pansi. Di! Mapazi anatera.

Pha, di! Pha, di! Pha, di!

Anamva mphepo m'makutu. Anamva fungo la guluu wa nsapato. Anamva dzuwa pamsana. Thupi linapepuka. Za handiredi anaiwalako.

Amayi ake anatuluka m'nyumba, mbale yonyowa ili m'manja. Anaima pakhomo. Milomo yawo inkagwedera. Ankawerenga chamumtima.

Pha, di! Pha, di! Pha, di!

Kenako chingwe chinakola mwendo. Khu! Kachiwala pansi.

Amayi anayang'ana abambo. Abambo anayang'ana amayi. Kodi alira? Kodi ataya chingwe?

Ayi ndithu! Kachiwala anadzuka yekha. Anasansa fumbi. Anasisita miyendo yake.

"Zikomo, anzanga," anatero. "Mwadumpha bwino."

"Mwana iwe!" anafuula amayi ake. "Maulendo makumi atatu! Ndawerenga ndekha ine!"

"Makumi atatu?"

Sanali handiredi ayi. Koma Kachiwala ananyada kwambiri. Ananyadira miyendo yake. Anadzinyadira yekha. Anayenda pabwalopo chifuwa chili patsogolo.

"Mwana wanga ameneyo!" anatero abambo ake, akudziguguda pachifuwa. "Bweretsa chingwecho, nanenso ndiyese."

Abambo anavula epuloni. Anapinda thalauza. Anadumpha kamodzi. Anadumpha kawiri. Khu! Munthu wamkulu pansi, miyendo m'mwamba.

Amayi anaseka mpaka misozi.

"Kawiri kokha?" anadandaula abambo. "Manyazi bwanji!"

Kachiwala anathamanga. Anawagwira dzanja. Anawakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka anadzuka. Anawasansa fumbi kumsana.

"Musadandaule, bambo," anatero Kachiwala. "Kawiri si kochepa. Chaka changoyamba kumene. Mawa ndikuphunzitsani."