Sholiwe, Nyimbo ya Atate a Towela

Towela anali pakati pa nyimbo pamene Tanya anachotsa manja pa piyano.

Linali Lachinayi masana, pasukulu ina ya sekondale ku Woolwich, mumzinda wa London. Ophunzira a m'kalasi la nyimbo ankakonzekera konsati yotsekera temu, ndipo aphunzitsi awo, a Newton, anali atauza aliyense kuti abwere ndi nyimbo yopeka yekha kapena yopekedwa ndi wina wa m'banja lake. Towela anabwera ndi ya atate ake.

Atate akewo, a Levy Mbewe, anali atamwalira mu Febuluwale. Mu London ankayendetsa basi, koma ali mnyamata ku Lusaka ankaimba gitala m'kagulu koimba m'mabala. Gitalayo inatsala ku Zambia. Chimene anabwera nacho ndi nyimbo imodzi imene ankaiimba potsuka mbale, pometa ndevu, ngakhale podikira lifiti ya pafulati pawo. Mawu ake sanali Chinyanja, sanali Chibemba, sanalinso Chingerezi: "Sholiwe, sholiwe, dinga-lawo sholiwe." Towela akafunsa tanthauzo lake, iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Ni nyimbo yanga iyi. Tanthauzo uzaikamo weka."

Chimwalirireni atate ake, Towela anali asanaiimbepo pamaso pa munthu. Ngakhale Tanya, mnzake wapamtima kuyambira chaka chawo choyamba pasukulupo, Towela anangomupatsa pepala la makodi oti azitsatira poimba piyano basi. Makolo a Tanya anachokera ku Zimbabwe koma mtundu wawo unali wa ku Malawi, choncho atsikana awiriwa ankamvana ngakhale pa nthabwala za Chichewa zimene anzawo sankazimva.

"Wasiyiranji?" anafunsa Towela.

"Nyimbo imeneyi ndikuidziwa," anatero Tanya. "Ndi ya Sekuru." Umu ndi mmene ankatchulira agogo ake aamuna, a Mishek.

"Ndi ya atate anga."

"Dikira umve."

Tanya anatulutsa foni, nafufuza pang'ono, kenako anaiika pamwamba pa piyano. Munayamba kumveka kuthetheka kwa mbale yakale ya galamafoni, magitala awiri, ndiyeno mawu a mnyamata: sholiwe, sholiwe. Pa sikirini panali chithunzi cha a Mishek ali mnyamata ndi anzawo atatu, onse ovala mathalauza otambalala kumiyendo, ndipo m'munsi mwake munalembedwa chaka cha 1979.

Towela anawerengera mumtima. M'chaka chimenecho atate ake anali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha. Anzake onse ankamuyang'ana, wina kumbuyo anaseka chapansipansi.

"Sindikunena kuti atate ako analakwa," anatero Tanya modekha. "Ndangoti..."

"Waona kuti amwalira, sangadziyankhire, ndiye ukufuna kuwalanda ndi nyimbo yomwe?" anamudula Towela. "Agogo akowo angapeke chiyani? Munthu woti dzina lake lomwe satha kulitchula, malovu ali chuchuchu."

A Mishek anali atadwala sitiroko chaka chathacho. Za malovuzo Tanya anauza Towela yekha, akulira, tsiku lina ali pa siteshoni. Tsopano kalasi lonse linali litamva. Tanya anaimirira. Anatenga foni yake, natseka piyano bwinobwino, n'kutuluka. A Newton anauza Towela kuti atsale ena akamapita, koma zonse zimene analankhula iye sanazimve.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake, a Winfrida, akusita yunifolomu yawo ya unesi. Anawafotokozera za foni ndi za chaka chija, koma mawu amene anamunenera Tanya anawabisa.

"Amama, ndiye kuti adadi ankandinamiza?"

Amayi ake anaimika simbi. "Atate ako sananenepo kuti anaipeka yonse. Anandiuza kuti anaimva kwa anyamata a ku Harare amene anabwera kudzaimba ku Lusaka. Anaikonda, anaitenga. Oimba onse amachita zimenezo."

"Nanga bwanji ankati ndi yawo?"

"Zaka makumi atatu akuiimba tsiku ndi tsiku. Ukanafuna azinena kuti ndi ya ndani?"

Towela analowa kuchipinda n'kudzigwetsa pabedi. Atate ake sanasiye nyumba, sanasiye galimoto. Iye ankadzitonthoza kuti anamusiyira chinthu chimodzi chimene panalibe wina aliyense padziko anali nacho. Tsopano chinthucho chinali pa foni ya aliyense wofuna kuchifufuza.

Lachisanu a Newton anaimbira foni a Winfrida n'kuwauza zonse. Loweruka m'mawa amayiwo anangoti, "Vala jekete. Tipita ku Peckham."

Ku Peckham n'kumene a Mishek ankakhala ndi banja la mwana wawo, pamwamba pa shopu yometera tsitsi. Amene anatsegula chitseko anali Tanya. Anapereka moni kwa a Winfrida mwaulemu, Towela osamuyang'ana n'komwe, kenako analowa kuchipinda n'kudzitsekera.

Mkuluyo anali pampando wa matayala pafupi ndi windo, dzanja lamanja lili pamwendo, kansalu kopukutira kukamwa kali m'dzanja lamanzere. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu ena akukanirira, koma Chichewa chawo chinali chomveka. A Winfrida atafotokoza za nyimboyo, a Mishek anaseka mpaka kutsokomola.

"Yanga? Mwanawe, inenso ndinaitola."

Anafotokoza kuti anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kumene bambo awo, ochokera ku Dedza, ankaphikira mzungu mwini famuyo. Lamlungu lililonse mzunguyo ankaliza mbale zake za nyimbo, ndipo Mishek ankamvetsera atabisala kuseri kwa khitchini.

"Panali imodzi imene inandilowa m'mutu. Chingerezi sindinkachidziwa. Woimbayo ankanena zake zomveka, koma khutu langa linkangomva sholiwe, sholiwe. Nditakula ndinasintha kaimbidwe ka gitala, ndinafulumizitsa ng'oma kuti anthu azivina, koma mawuwo ndinawasiya choncho. Patapita zaka ndinamva kuti mzungu woimbayo nayenso anatengera kwa mnzake wa ku America, mpaka anakangana nazo. Kaya wa ku Americayo anaitenga kuti." Anapukuta kukamwa. "Taimba ndimve mmene atate ako ankaiimbira."

Towela anayamba kuimba. Anaimba sholiwe kawiri, kenako anafika pamene nyimboyo imakwera m'mwamba, n'kuima pang'ono ngati munthu wofuna kufunsa kanthu, ndiyeno n'kutsika pang'onopang'ono.

A Mishek anakweza dzanja. "Pamenepo. Bwereza."

Anabwereza.

"Imeneyo si yanga," anatero mkuluyo. Kuseka kuja kunali kutatha. "Ife tinkangozungulira pa sholiwe pomwepo mpaka mbale kutha. Tinayesetsa zaka ziwiri kuti tipeze kopita nayo, tinalephera. Atate ako anapeza. Ndikanakonda ndikanawaona, ndiwafunse kuti anaganiza bwanji."

Towela anagwira kukamwa. Chigawo chimenecho n'chimene atate ake ankachiimba motsitsa mawu akamamuperekeza kusukulu ali wamng'ono. Analira ngati mmene analirira tsiku la maliro, amayi ake atamugwira paphewa.

"Tanya amakukonda kwambiri," anatero a Mishek pofuna kumutonthoza. "Tsiku lililonse Towela, Towela."

Pamenepo Towela anazindikira kuti Tanya sanawauze agogo ake chilichonse. Akanatha kungokhala chete. Koma anatsika pasofa, nagwada pafupi ndi mpando wa matayala uja, n'kunena yekha mawu onse amene analankhula m'kalasi, osasiyako ngakhale limodzi.

A Mishek anayang'ana kunja, kumene mabasi ankadutsa. "Za malovuzo n'zoona," anatero. "Ine sizindipweteka, ndakalamba. Amene wavulala ndi uyo ali m'chipindamo. Anakusungitsa chinthu, iwe n'kukachitaya pagulu."

Towela anagogoda pachitseko cha Tanya katatu. Sichinatseguke.

Lolemba, phunziro la nyimbo lisanayambe, anapempha a Newton kuti alankhule. Anaima kutsogolo nauza kalasi lonse kuti Tanya ananena zoona, kuti nyimboyo anayamba kuiimba ndi a Mishek, ndiponso kuti mawu amene iye ananena za munthu wodwala anali oipa. Kenako anatembenukira kwa mnzake uja.

"Tanya, ndikhululukire."

Tanya anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndamva," anatero. "Koma piyano sindikuimbira. Upeze wina."

Towela sanafune wina. Anapita kwa a Newton kukasinthitsa pulogalamu ya konsati, ndipo pansi pa dzina la nyimboyo analembetsa mayina awiri, Mishek Chirwa ndi Levy Mbewe.

Konsatiyo inachitika Lachisanu masana m'holo ya sukulu. Dzina lake litaitanidwa, Towela anakwera pasiteji yekha, piyano ili yotseka kumbuyo kwake. Kumapeto kwa mzere wachitatu wa mipando anaona mpando wa matayala, ndipo pambali pake panali Tanya atapinda manja. Anayamba kuimba popanda chomuthandiza. Ana ena anaseka atamva mawu achilendowo, koma posakhalitsa anasiya. Atafika pa chigawo cha atate ake mawu anamuthawa, ndipo anaima, misozi ikutsika. M'holomo munamveka mawu okalamba, osalongosoka bwino, akuyesa kukwera pamene iye analekera. A Mishek anali atachigwira chigawocho atangochimva kawiri kokha. Towela anapuma mwamphamvu, nawatsatira, ndipo anamaliza.

Potuluka anakumana pageti. A Mishek anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere. Tanya anali kumbuyo kwa mpando, akukonza bulangete la agogo ake.

"Waimba bwino," anatero, maso ali pansi.

"Zikomo. Kodi mawa ungabwere kwathu?"

"Sindikudziwa. Mwina ayi."

Anakankha mpandowo kulowera kokwerera basi. Towela anatsala pageti ndi amayi ake, akuwayang'ana mpaka anakhota pakona.